Mbale ya Aphunzitsi a Masamu

Che Jaffalie amapalasa kabaza m'tauni ya Mangochi, ndipo nyumba yawo inayang'anana ndi yanga. Ndi munthu wamfupi, wamiyendo yolimba, wosatopa ndi kuyankhula. Ine amanditchula kuti a Mishoni, chifukwa ndinaphunzira ku mishoni ya Malindi, kumene ndinazolowera kuyamikira zinthu pang'onopang'ono poopa kunama. Iwo mantha amenewo alibe. Mlendo akakwera njinga yawo pa depoti, pofika pa mlatho amakhala atamva kuti udzudzu wa kuno ndi waulemu, umaluma okhawo osapereka moni.

Chaka chatha anali ndi nkhawa. Mwana wawo wamkazi, Hidaya, anali Fomu 3, ndipo sukulu yake inalibe mphunzitsi wa masamu. Amene ankatumizidwa ankathawa kutentha. Wina anabwerera ndi basi yomwe anabwerera. Tsono kutamveka kuti a Simioni, mphunzitsi wa ku Dedza, akubwera kudzaona malo asanavomere kusamukira kuno, Che Jaffalie anapempha ahedi kuti mlendoyo amuyendetse iwo.

"Inunso tiyeni, a Mishoni," anandiuza. "Akaone kuti Akhristu kuno amakalamba bwinobwino."

Unali mwezi wa Ramadani, ndipo Che Jaffalie anali kusala, osadya osamwa mpaka dzuwa kulowa.

A Simioni anatsika basi m'mawa atavala jekete ndi tayi. Anakhala pa kaliyala, ine ndikutsatira pa njinga yanga. Tinayambira pa mlatho wa Shire.

"Madzi awa, aphunzitsi, palibe amene amabwera kudzawadula," anatero Che Jaffalie. "Nanga chambo? Kwanu mumadya chotopa ndi ulendo. Kuno chimafika m'mbale chisanadziwe kuti chafa."

Anawaonetsa msika, mabanki, tchalitchi, ndi chipatala chimene anati sadzachifuna. Anawalozera msewu wa ku Monkey Bay, nati pa holide azikapuma kumene azungu amachita kukwerera ndege. Dzuwa litafika paliwombo, jekete inali pamiyendo, tayi m'thumba.

Zachakudya anazifotokozanso bwino. Anaima pa lesitilanti ya mnzawo wina n'kunena za mpunga wake wonunkhira, koma chitseko chinali chotseka, mwini wake akusala. Pena panali potsegula, pakutuluka fungo la tchipisi, ndipo pamenepo Che Jaffalie anapalasa mwamphamvu atapenya kumbali. Khosi la a Simioni linatsalira komweko. Koma mlendo sapempha chakudya. Ine ndinatsokomola monga timachitira ulaliki ukatalika, koma sizinamveke.

Dzuwa litapendeka tinafika pa nyumba ya aphunzitsi. A Simioni sanalowemo n'komwe.

"Basi ya ku Dedza imanyamuka nthawi yanji?" anafunsa.

"Ya lero yapita," anayankha Che Jaffalie. Kenaka anawayang'anitsitsa milomo. "Aphunzitsi, kodi mwadya?"

"Ndinamwa tiyi kwathu."

Che Jaffalie anavula chipewa, nakhala pansi. "A Mishoni, inu simukusala. Maso munali nawo."

"Ndinatsokomola," ndinatero.

"Munthu akufa ndi njala inu n'kumatsokomola?"

Mlendoyo ndinapita naye kwanga kuti akagone. Ndinamupatsa madzi ndi nthochi, iye nandiuza mwaulemu kuti alawirira ndi basi yoyamba, ndipo kuno sangakwanitse.

Mumzere mwathu muli chizolowezi. Pa Ramadani, kumzikiti kukangoitanidwa kuti anthu amasule, mbale zimayamba kuyenda khomo ndi khomo, ndipo langa salidumpha ngakhale ndili Mkhristu. Tsiku limenelo zinachuluka, chifukwa Che Jaffalie anali atazungulira mzere wonse kulengeza tchimo lawo. Kunabwera futali wa mbatata, phala la mpunga, samusa, zitumbuwa, ndi chambo chowotcha chimene mchira wake unatulukira kunja kwa mbale. A Simioni anadya, namasula lamba.

"Kodi kuno zimakhala chonchi tsiku lililonse?" anafunsa.

Che Jaffalie, amene anabwera kudzadya nafe, anakonza pakhosi, koma a Simioni anawaletsa ndi dzanja. "Ndikufunsa bambowa. Chiyambire m'mawa sanayamikire kanthu."

"Mwezi umodzi pachaka," ndinayankha. "Ndiponso lero sikunatenthe. Kumatentha Okutobala."

Phazi la Che Jaffalie linaponda langa pansi pa tebulo. A Simioni anayang'ana jekete yawo pa msomali.

"Kwa ena ndi mwezi umodzi," anatero Che Jaffalie. "Kwanga ndi chaka chonse. Inu muphunzitse ana masamu, mbale izikupezani madzulo aliwonse. A Mishoni ndi mboni, ndipo mwaona nokha kuti alibe chisoni."

Akazi awo, mayi Awa, anali ataima pakhomo ndi mbale ina. "Chaka chonse, bambo a Hidaya? Aziphika ndani?"

"Tikakambirana kunyumba."

"Tikambirana pompano, pali mboni."

Anakambirana, ife tikudya. Anagwirizana kuti mayi aziphika, koma ndiwo azigula abambo, nkhuni azibweretsa abambo, mbale azikapereka okha abambo.

A Simioni anasamukira kuno teremu yotsatira. Okutobala anamupirira akugona pakhonde. Mbale ija imapitabe, yomangidwa m'kansalu pa kaliyala, ndipo pa ola limenelo Che Jaffalie satenga munthu, ngakhale wopita pafupi. Hidaya akudandaula kuti masamu anali osavuta pamene kunalibe mphunzitsi.

Posachedwa ahedi anatchula kuti akusowanso wa sayansi. Che Jaffalie anati atha kukamulandira pa depoti. Mayi Awa anabisa pampu ya njinga.