Makutu a Agogo ndi Modemu Yosalira

Fungo la fumbi lotentha, lija limatuluka kumbuyo kwa kompyuta yakale, limandibwezera pabalaza pa agogo aamuna kufupi ndi Mulanje Mission, mvula ikugunda malata, tiyi akufuka nthunzi m'kapu yawo yachitsulo. Agogo anali kalaliki wa ku esiteti wopuma pantchito, ndipo kompyutayo anawatumizira ndi amalume a ku Joni kuti azilemberana imelo. Pambali pake panali kabokosi kotuwa, modemu, kamene kankayimba foni kuti tilowe pa intaneti.

Makutu a agogo anali atayamba kugontha, choncho ntchito yomvetsera inali yanga. Ndinkakhala pakampando kathabwa pafupi ndi mwendo wawo, kabokosi n'kumathetheka manambala ngati chimanga chokazinga, kenako kaluzu, kenako phokoso la wailesi yosowa siteshoni. Ndinkadziwa kulira kwa laini yotanganidwa, ndinkadziwanso zii wa laini yakufa mphepo ikagwetsera nthambi pa waya. Zikatheka ndinkakuwa kuti, "Yalowa!" Agogo ankandisisita kumutu n'kunena kuti, "Esinati ndiye makutu anga."

Ndiye pa holide kunabwera msuweni wanga Madalitso wa ku Blantyre, wansapato zoyera ndi Chingerezi cha m'mphuno. Tsiku loyamba lomwelo anakwinya nkhope.

"Agogo, phokoso ili ndi lachikale. Limazimitsika limeneli."

Anadina apa ndi apo. Anathimitsa mawu a modemu, analembanso nambala yoyimbira, anaikonza kuti ikalephera iziyimbanso yokha. Zotsatira zinkangolembedwa pa sikirini m'Chingerezi, iye n'kumawerengera agogo mokweza. Agogo anaomba m'manja, anamupatsa kampando kanga, ine n'kundituma kukatereka madzi a tiyi. Nsanje inandidya, sindibisa. Kukhitchini ndinkapemphera kuti matekenya amulowe m'mapazi osalalawo.

Tsiku lachiwiri, chiyambire m'mawa, intaneti inkangokana. "Laini yaduka, ikuyesanso," ankatero Madalitso modzidalira. Ine nditabweretsa tiyi, khutu linandiyabwa, ndipo ndinanyamula chomvera cha telefoni ya pakhoma, imene inali pa waya womwewo. Ndinamva mawu a mayi otopa ndi kulira.

"Ndinu ndani kodi? Mukungoimba osayankhula! Kuno tili pamaliro, tikudikira foni ya abale a ku Beira!"

Ndinabwereza mawuwo m'khutu la agogo. Anaimirira, anavula chipewa ngati mayiwo akuwaona, n'kulanda foni.

"Pepani, mayi. Pepani kwambiri. Ndi makina athu, talowa pakhomo panu osanena odi."

Madalitso anali ataphonya nambala imodzi, ndipo popeza kabokosi kanatsekedwa pakamwa, palibe anamva kuti kumbali inayo kukuyankha munthu. Mtima wanga unavina. Ndinapinda manja kudikira kuti wa ku Blantyre alandire zake.

Agogo anangomugwira paphewa. "Amaswa mtsuko ndi amene wapita kumadzi. Bwezera mawu aja, mwana wanga. Mlendo wolowa mwakachetechete sindimufuna m'nyumba muno."

Basi. Osamukalipira ngakhale pang'ono! Ine ndikanataya madzi okha pa kiyibodi, khutu likanakokedwa. Modemu inayambanso kuthetheka, ndipo agogo anati, "Esinati, sendera kuno, umuthandize mnzako kumva." Kumuthandiza! Ndinakhala pansi, pasimenti yozizira, ndinakuwa "Yalowa!" ndi mawu a munthu wotumidwa, ndipo Madalitso sanachoke pakampando mpaka sukulu kutsegulira.

Agogo atamwalira, kompyuta inapita kwa Madalitso, poti ndiye wodziwa makina. Chaka chatha ndinamufunsa ngati akukumbukira mmene kabokosi kaja kankalirira. Anaseka, anati waiwala. Ine ndikhoza kukuyimbirani kulira konseko, kuyambira kuthetheka mpaka kaluzu, ndipo foni yanga sindiitseka pakamwa ngakhale ana azidandaula.

Kampando kaja ndinakatenga ndine, tsiku logawa katundu, osafunsa munthu. Kali pabalaza panga. Madalitso akabwera kudzacheza, ndimamulandira bwino ndithu, ndimamuphikira tiyi, n'kumulozera pa sofa.