Mlamba pa Tsiku la Ankhoswe

Ndinali ndi zaka khumi, ndili sitandade 4, chaka chimene aphunzitsi anga anafunsira mbeta achemwali anga a Esinati. Tinkakhala kumunsi kwa Ligowe, pafupi ndi kamtsinje kamene kamaphwa chilimwe chikafika pachimake. Aphunzitsiwo anali a Filipo Kamwendo, mnyamata wamtali, wowonda, woyenda mosamala ngati nthaka yonse ikufuna kumudetsera nsapato. Kwa ine anali munthu wodziwa chilichonse. Akanati mbuzi ndi mbalame, ine ndikanalemba m'kope n'kujambula mzere kunsi kwake.

Mwezi womwewo anatiphunzitsa za nsomba. Anajambula chambo pabolodi, natifunsa kuti, “Nsomba ikatuluka m'madzi imatani?” Tonse tinakuwa kuti, “Imafa!” Anatibwerezetsa katatu, mpaka a sitandade 5 kuseri kwa khoma anayamba kutiyankhira.

Ankhoswe anapangana kudzakumana kwathu Lamulungu, chifukwa banja la aphunzitsi linali la Sabata. Amayi anakonzekera mlungu wathunthu. Anazira nyumba, anabwereka mipando inayi, anaphika thobwa lodzaza mtsuko, ndipo anatilangiza mayendedwe, makhalidwe ndi matsokomoledwe omwe. Abambo analawirira kudimba, poti nkhani ya ukwati eni ake ndi amalume.

M'mawa wa tsikulo anandituma kukatunga madzi. Kamtsinje kanali katasanduka zithaphwi, ndipo m'chithaphwi china ndinaona matope akugwedezeka. Ndinayesa chule. Nditapondapo, chinthu choterera chinandikwapula pamsongolo. Unali mlamba, wotalika ngati mkono wanga wonse, wakuda, wamutu waphanthiphanthi, ndevu zili yangayanga. Tinalimbana kwa nthawi ndithu. Ndinagwa chagada kawiri, ndinamwa matope, koma pomaliza ndinaukankhira m'ndowa. Ndinabwerera kunyumba opanda madzi, diresi ili bii, ndikunyada ngati ndapha njati.

Amayi atasuzumira m'ndowamo anagwira kumutu.

“Felesiya, mwa masiku onse wasankha lero? Alendo athu sadya nsomba yopanda mamba. Akangomva fungo lokha aziti tawanyoza. Kapereke kwa anaPhiri msanga. Waumenya mutu?”

“Wafa kale, amayi. Uli kunja kwa madzi.”

Amayi analibe nthawi yofufuza. Koma ine kupereka mlamba wanga woyamba kwa anaPhiri, mayi woyandikana nafe amene sanandipatsepo ngakhale bango limodzi la mumtengo wake, ndinaona kuti n'kulakwira Mulungu amene anandipatsa. Ndinazungulira kuseri, ndinauika m'beseni, ndinauvundikira ndi chiguduli chonyowa kuti usaume, ndipo ndinakankhira beseniyo kunsi kwa bedi m'chipinda chathu cha atsikana. Unali phee. Chipindacho chinalibe chitseko; chinkalekana ndi pabalaza ndi nsalu yokha.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu. Anali atatu: aphunzitsi atavala suti yaimvi yowakulira m'mapewa, azakhali awo, ndi amalume awo a Chikaonda, mkulu wamfupi wadazi, wa mawu okhuthala. Kumbali yathu kunali amalume anga, ndipo amayi anakhala pamphasa chapakhomo. A Esinati anali kukhitchini kudikira kuitanidwa. Ine ndinali nditasamba, ndipo ntchito yanga inali kubweretsa thobwa. Nditangogwada ndi jagi, a Chikaonda anati tiyambe ndi pemphero.

Mkuluyo sankapemphera mothamanga. Anayambira kwa Adamu. Pamene ankafika kwa Isake ndi Rabeka, ndinamva kaphokoso kuchipinda, ngati wina akukoka nsapato yonyowa. Ndinatsegula diso limodzi. Nsalu ya pakhomo inagwedezeka chakunsi, ndipo panatulukira ndevu. Kenako mutu. Kenako mlamba wonse.

Unkayenda. Unkatsamira paminga yake ya m'mbali, uku kenako uku, mchira ukukankha, ngati munthu woledzera amene watsimikiza mtima kuti akafika kwawo. Unasiya mzere wonyowa pansi pamene amayi anazira ndi manja awo. Ndinafuna kukuwa koma tinali m'pemphero. Ndinafuna kuugwira koma ndinali ndi jagi. Ndinangotsinzinanso, n'kuyamba pemphero langalanga lakuti ukhotere panja. Sunakhote. Unalunjika pansi pa mpando wa aphunzitsi, ndipo unakhudza kakolo wawo pamene sokosi inalekezera.

“Mayo ine! Njoka!”

Sindinaonepo munthu wamkulu akukwera mpando mwaliwiro lotero. A Chikaonda anachoka kwa Rabeka n'kufika pa “Ameni” osapuma. Azakhali aja anathawira kukona atanyamula nsalu yawo m'manja, amalume anga anapezeka ali pabwalo ndi nsapato imodzi, ndipo jagi ija inandipulumuka, thobwa n'kuyenderera pabalaza ponse. Mlamba utamva chinyontho unasangalala, unayamba kuphiriphitha m'thobwamo, kuwaza aliyense.

Phokoso linachepa. Anthu anaona kuti si njoka, koma zimenezo sizinawatonthoze. Azakhali a aphunzitsi ndiwo anayamba kulankhula, motsitsa mawu.

“Nsomba kuyenda m'nyumba, kumtunda kuno, pa tsiku ngati lino? Awa ndi malodza. Alipo amene sakuufuna ukwatiwu. A Chikaonda, tiyeni tizipita.”

Amalume anga, ali pakhomo, anagwedeza mutu movomereza, ndipo ndinawamva akutchula dzina la mnyamata wina amene a Esinati anamukana chaka chapitacho. A Esinati anali atathamangira kudzaona, ndipo anaima kumbuyo kwa amalume, dzanja lili pakamwa. Amayi sanayang'ane nsombayo. Ankayang'ana ine.

Ndikanatha kukhala chete. Koma azakhali aja anali atayamba kale kufunafuna chikwama chawo, ndipo ndinaona misozi ikulengeza m'maso mwa achemwali anga.

“Ndi wanga,” ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwanapiye. “Ndinaubisa kunsi kwa bedi. Koma unali wakufa. Aphunzitsi anati nsomba ikatuluka m'madzi imafa.”

Mitu yonse inatembenukira kwa aphunzitsi, amene anali chiimire pampando wobwereka, atakwinya thalauzi m'manja.

Apo m'pamene a Chikaonda anaphulika ndi phwete. Anaseka mpaka anachita kupukuta dazi ndi kampango ka m'thumba. Kenako anavula jekete, anapinda malaya, nawerama n'kuugwira mlambawo kuseri kwa mutu, zala atazipanitsa kumbuyo kwa minga ija, mwaluso la munthu wozolowera.

“Filipo, tsika. Sukulu yonse ija sanakuuze za uyu?” Anatembenukira kwa azakhali aja. “Palibe malodza apa. Ine ndinakhala ku Mangochi zaka za unyamata wanga, ndikukoka makoka ndisanabatizidwe. Sindidya, koma ndimamudziwa. Uyu amapuma mpweya ngati inu ndi ine. Dziwe likaphwa amabisala m'matope, mvula ikagwa amayenda pa udzu kukafuna madzi ena. Mwanayu anamufunditsa chonyowa, ndiye anangogona tulo.”

Sanalekere pomwepo. Mlamba uli m'manja, thobwa likudontha kumchira, anatiyalira mtundu wonse ngati akufotokoza maliro a kwawo. Anati kunyanja kuli abale ake enieni, bombe ndi sapuwa, ena aakulu moti amachita kunyamulirana anthu awiri, koma iwo amakhala pansi pakuya ndipo za kuyenda pamtunda sazidziwa. Anati kampango ndi msuweni chabe: ndevu ali nazo, mamba alibe, koma mchira wake ndi wamphanda pomwe wa mlamba ndi wozungulira. Anafika kwa nkholokolo, kansomba ka minga yolimba kamene kamalira kakagwidwa, ndipo anayeserera kaliridwe kake, “khrr, khrr,” masaya atatupa. Amalume anga analowanso m'nyumba kudzatsutsa kuti mlamba wa mu Lisungwi umaposa wa kunyanja kukoma. Azakhali aja anakhala pansi. Amayi anapeza mpata wokolopa. Aphunzitsi anatsika pampando palibe amene anawaona.

Chilango changa amayi anachipereka pomwepo, mosakweza mawu: ndiuphe ndekha, ndiutumbule, ndikapereke kwa anaPhiri wonse, ndi mutu womwe. Ndinakhala kuseri kwa khitchini ndi chikwanje, ndikulira. Mlamba sufa msanga, ndinamenya kanayi. Nditang'amba mutu, a Chikaonda anatulukira, akukoka aphunzitsi padzanja.

“Tsegula apa, pamwamba pa makha ofiira opumirawo. Waona?”

Munali kanthu kofiirira, ka nthambinthambi ngati kamtengo kakang'ono.

“Mapapo ake ndi amenewo. Chambo alibe. Filipo, yang'anitsitsa, mawa ukawauze ana a eni.”

Aphunzitsi anawerama, taye atayigwira kuti isakhudze magazi, ndipo anayang'ana nthawi yaitali. “Zoonadi, amalume,” anatero. Kenako anandiyang'ana ine, nanong'ona kuti, “Za mpando zija zisakafike kusukulu.” Ndinalonjeza. Zinakafika Lolemba lomwelo belu lisanalire, koma osati kudzera mwa ine. AnaPhiri, amene anamva zonse kuseri kwa mpanda, anali ndi ana atatu pasukulupo.

Nkhani ya ukwati inakambidwa masana omwewo, alendo akumwa madzi m'malo mwa thobwa, ndipo inatheka. Madzulo fungo la mlamba wootcha linkachokera kwa anaPhiri kudutsa mpanda, ine ndikudya nyemba. A Filipo ndi alamu anga mpaka lero, ali ndi zidzukulu, ndipo pamaso pawo sititchula nsomba ya ndevu iliyonse pokhapokha tikafuna kuti atuluke tikambe zathu.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti a Chikaonda anali chabe nkhalamba yokonda kulongolola za nsomba. Ndinazindikira nditakula, nditakhalapo nanenso pamphasa ngati mayi wolandira alendo, kuti mkuluyo anaona zonse m'kanthawi kochepa: mayi amene ulemu wake unali utatayikira pansi pamodzi ndi thobwa, mphwake ali pampando pamaso pa apongozi, mtsikana amene ukwati unkamuthawa, ndi mwana amene anali atangoulula mlandu wake. Akanatha kukwiya, ndipo palibe akanawadzudzula. M'malo mwake ananyamula nsomba imene chipembedzo chawo chimaikana, nalankhula za bombe ndi nkholokolo mpaka aliyense m'nyumbamo atapeza pobisa manyazi ake. Anamwalira ndili ku sekondale, nzeru yowathokoza isanandifikire.