Msoko wa pa chala chachikulu

Kufakitale ankawatchula kuti Mayi Zala, chifukwa pa zaka makumi awiri ndi zisanu zimene anagwirako ntchito sanasokepo china koma zala za magolovesi. Sanali magolovesi wamba. Anali ovala anthu opita m'mlengalenga, kumene kulibe mpweya, kumene kabowo ngati ka singano kakhoza kuchotsa moyo wa munthu. Ntchitoyi anailowa mwana ali kumsana, atachoka pakhonde la sitolo pomwe ankasoka zigamba. Maso anafika pofuna magalasi, msana unapindika, koma msoko wawo sunakhotepo.

Chaka chimenecho kunamveka kuti telesikopu yaikulu yozungulira dziko, imene imajambula nyenyezi zakutali, yayamba kuvuta. Anasankhidwa anthu asanu ndi awiri oti akaikonze. Mmodzi wa iwo, injiniya wamkazi wa timanja tating'ono, anabwera kufakitale kudzayezetsa manja. Mayi Zala atamugwira dzanja anaona kuti amaluma zikhadabo.

"Kani inunso mumaopa?" anamufunsa.

"Ndimaopa, mayi. Ndili ndi ana awiri," anayankha akuseka.

Posoka golovesi yake yakumanzere, singano inathyokera pa chala chachikulu. Mayi Zala anaimitsa makina n'kukauza akapitawo. Kansonga kothyokako kanapezeka, msoko unaphwasulidwa n'kusokedwanso, oyesa anapopera mpweya m'golovesimo nati ili bwino. Onse anaiwala. Iwo okha ndi amene anatsala nako kumtima ngati kamwala mu nsapato.

Chombo chitanyamuka, bwana anaika wailesi ya kanema m'kantini. Kuyambira pamenepo chakudya chinkawakana Mayi Zala. Amuna awo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, anayesa nthabwala.

"Amayi, ine ndanyamula anthu makumi asanu ndi limodzi tsiku ndi tsiku, ndinkadya ndithu. Inu chala chimodzi chokha?"

"Basi yanu ikafa anthu ankatsika n'kuyenda pansi, bambo. Uja atsikira pati?"

Lachitatu masana inali nthawi ya injiniya uja kutuluka kunja kwa chombo. Makina osokera onse anazimitsidwa. Pakanema ankaoneka wavala zoyera, mapazi omangirira ku mkono wautali wachitsulo, dziko likuyenda pang'onopang'ono kunsi kwake. Kenako anaonetsa za kamera ya pachipewa chake, choncho chimene chinadzaza kanema yense chinali manja ake. Mayi Zala ankauzindikira msoko uliwonse.

Kuti atsegule chitseko cha bokosi lowonongeka la telesikopuyo anayenera kuchotsa kaye chogwirira chachitsulo, koma bawuti imodzi inakana. Anayesa sipanala iyi ndi iyo kwa ola lathunthu. Kenako oyang'anira ulendo a pansi pano anamuuza kuti angochikoka ndi mphamvu mpaka chithyoke. Anagwira ndi dzanja lamanzere. Chitsulo chinathyoka, anthu anayamba kuwomba m'manja, koma mawu a pansi anawadula.

"Tationetsani magolovesi."

Anatembenuza manja pang'onopang'ono. Pa chala chachikulu chakumanzere panali kamzere kakuda, ndipo kansalu kanali katatukuka. Wofotokoza pakanema ananena kuti mpweya ukayamba kutuluka, mayiyo ali ndi mphindi zowerengeka zoti afikire chitseko cha chombo. Pomwepo chithunzi chinazima, ati chombo chalowa pamalo pomwe mauthenga sadutsa.

Mayi Zala anadzuka n'kukakhala pamasitepe a kuseri, pafupi ndi migolo ya zidutswa za nsalu. Mnzawo wodula nsalu, amene onse ankamuti Sizasi, anawatsatira.

"Achemwali, oyesa anavomereza. Si inu nokha."

"Oyesa sanagwire singano ija. Ndinagwira ndine." Anapanira manja pakati pa mawondo. "Akafa, ana ake ndikawauza chiyani?"

Sizasi anangowagwira paphewa. Lole inadutsa pamsewu, galu anauwa kutali, ndipo mphindi zisanu ndi zitatu zinatha chonchi. Kenako akapitawo anasuzumira pachitseko, thukuta lili kamukamu.

"Walowa m'chombo. Mpweya sunatuluke. Zang'ambika ndi nsalu zapamwamba zokha."

Mayi Zala sanasekerere. Anatembenuka n'kusanzira mu mgolo.

Ntchito yotsala inatha mawa lake ndi magolovesi ena, ndipo telesikopu inayambanso kuona. Patapita miyezi iwiri golovesi ija inabwezedwa kufakitale m'thumba lapulasitiki kuti aione. Chitsulo chinali chitadula nsalu ziwiri mwa zisanu zosanjikizana, n'kulekera pafupi ndi msoko, osaukhudza. Akapitawo anati zikusonyeza kuti ntchito inali yabwino. Mayi Zala anaiyang'ana nthawi yaitali, koma sanalole kuigwira.

Anagwirabe ntchito chaka chimodzi, akumaphunzitsa atsopano, ndipo ankati msoko ukangokhota pang'ono ankaphwasulitsa wonse mopanda chisoni. Kenako anapempha kupuma. Masiku ano amasoka makatani m'chipinda chakutsogolo cha nyumba yawo. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anawafunsa ngati satopa nayo ntchito yosoka mizere yowongoka tsiku lonse.

"Ayi mwanawe," anatero. "Katani ikang'ambika, amangokuona aneba ukuvala. Palibe amafa."