Sutikesi ya Amalume

Kwathu ku Chiparamba manda sakumbidwa mwini mbumba asanafike. Mwambo umenewu ndi umene unadya amalume anga, achimwene awo a amayi, pang'onopang'ono ngati chiswe.

Iwo anabadwa mwamuna yekha pakati pa alongo okhaokha. Agogo aamuna ankakonza njinga ndi mawotchi ku Mwami, ndipo akuti amalume ali aang'ono anamasula wailesi ya pakhomo yonse, kufuna kuona kumene mawu ankachokera. Anakwapulidwa, komabe anaibwezeretsa n'kuyambanso kulankhula. Mutu umenewo unawafikitsa ku yunivesite ku Lusaka, kumene anaphunzira fizikisi mpaka kuyamba kuphunzitsa ena.

Amalume awo, amene anali mwini mbumba, atamwalira, mbumba yonse inagwera iwo. Banja likagwedezeka, foni. Mbuzi zikalowa m'munda wa eni, foni. Za maliro ndiye osanena. Atatopa ndi basi ya ku Lusaka, anasiya ntchito n'kudzaphunzitsa pasekondale ina ku Chipata, ati kwa kanthawi chabe. Ine ndinakulira m'kanthawi kameneko, chifukwa amayi ananditumiza kwa iwo kuti ndiziphunzira m'tauni.

Kuseri kwa nyumba anali ndi kachipinda kodzaza mawaya, mabatire ndi mafoni akufa, konunkha utsi wa zowotcherera. M'menemo anapanga kabokosi kokwana m'dzanja, kokhala ndi timisomali tiwiri. Ukatibaya m'thumba la mtedza, kanyali kofiira kankayaka ngati mtedzawo sunaume ndipo uchita chuku. Ukauma bwino, kankayaka kobiriwira. Ankakanyadira kuposa momwe ena amanyadira mwana woyamba.

Mbiri ya kabokosiko inafika kutali, ndipo akatswiri ena a kunja anawaitana kuti akakamalizire kwawo, kumene kunali zida zokwanira. Amalume anagula sutikesi yatsopano. Amayi atamva anati apite ndithu, ife ndife yani kuti tiwaletse, koma anatero akupukuta maso ndi chitenje. Mawu amenewo ndimawadziwa bwino: pakamwa akutsegula chitseko, m'manja atagwira chingwe. Ndinakwiya nawo sabata yonse.

Tsiku la ulendo ndinawaperekeza kokwerera basi. Sutikesi inali italowa kale m'basi pamene foni inalira. Mwana wa mayi aang'ono anali atamwalira m'mawa womwewo, ndipo adzukulu, okumba manda aja, anali atakhala pansi ndi makasu awo kudikira mwini mbumba. Ndinawachonderera kuti azimitse foniyo, ndinati wakufa sadziwa amene wabwera. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

“Mwana wa mlongo wanga agone padzuwa chifukwa cha kabokosi?”

Anauza kondakitala kuti atsitse sutikesi. A kunja aja anati adikira. Koma pambuyo pa maliro panabwera mkangano wa munda, kenako matenda a agogo aakazi, kenako ukwati wa wina, mpaka anthu aja anasiya kuimba. Sutikesi inakhala pamwamba pa kabati ikutola fumbi. Chaka china amayi anaibwereka, ati makoswe saiboola, ndipo mpaka lero amasungiramo mtedza wa mbewu.

Amalume sanadandaulepo. Chimenecho ndicho chinkandiwawa kwambiri. Ankangolowa m'kachipinda kawo, kumasula kabokosi kaja n'kukamanganso, kukamasula n'kukamanganso.

Nditapeza malo ku yunivesite kuti ndikaphunzire za magetsi, anandiperekeza pamalo omwe aja. Anandigulira nthochi za panjira, n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

“Ukadzamva kuti ndafa, usabwere. Ndikukulamula ine mwini mbumba.”

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Anamwalira ndili m'chaka chomaliza, mayeso ali pafupi. Ndinabwera. Ndani akanapanda kubwera? Titachoka kumanda, amayi ndi azing'ono awo anandiitanira m'nyumba. Anati anyamata a pamtundu pathu ndi a mowa okhaokha, wophunzira ndine ndekha, ndipo sakundiletsa sukulu ayi, ndipite ndithu. Amayi anapukuta maso ndi chitenje, n'kundiika m'manja kiyi wa kachipinda kaja ndi foni ya amalume, ati anthu anazolowera nambala imeneyo.

Ndisanafike kumsewu foniyo inalira. Ndinaisiya ilire, mtima ukundiuza kuti ndiiponye m'tchire. Kenako ndinayankha.