Odi wa M'kaulusi ka Galasi

Uthenga unandipeza m'dimba, ndili chiweramire kupalira kachewere. Telefoni inalira pa mfundo ya chitenje, ndinamasula ndi manja amatope, ndipo mawu a mdzukulu wanga wamkazi anatuluka kuchokera ku Tete: "Agogo, ndakhoza!" Khasu ndinaponyera uko. Nthungululu ndinaimba ndekhandekha mpaka akhwangwala anabalalika.

Wakhoza, wakhoza, mwana wa mwana wanga wakhoza!

Koma ndiyambe bwino. Mtsikanayu amaphunzira ntchito ya fibira, timaulusi tagalasi tonyamula mawu a anthu ndi kuwala. Ezame yolemba, mayeso apapepala aja, anakhoza kalekale. Yomugwetsa inali yapakamwa, yoyankha pamaso pa aphunzitsi atatu. Mawu ake ndi aang'ono ngati a njiwa. Chaka chatha anaima pamaso pawo, mawuwo osamveka, nagwa ezameyo. Bambo ake, mwana wanga wachisamba, anati: "Akagwanso abwere adzalime. Khasu silifunsa mafunso."

Mtsikanayo atabwera patchuthi kuno ku Tsangano, ndinamukhazika pamkeka tikusankha nyemba. Ndinati, "Undiphunzitse ineyo. Ndikamva ine wolekezera kalasi yachiwiri, aphunzitsi alephera bwanji?"

Anayamba chonong'ona. "Agogo, kaulusi kamodzi kamatumikira nyumba zambiri. Nyumba iliyonse ili ndi kabokosi ka nyali. Onse akayatsa pamodzi, palibe womveka. Ndiye aliyense ali ndi kanthawi kake: kuyatsa, kunena zake msangamsanga, kuzimitsa. Kumapeto kwa ulusi kuli bokosi lolandira. Kuwala kwa nyumba yapafupi kumafika kothobwa m'maso, kwa yakutali kumafika kotopa. Bokosilo liyenera kudzikonza msanga kuposa kuphethira kwa diso."

"Nanga limadziwa bwanji kuti uyu ndi wakutali?"

"Asananene uthenga, aliyense amayamba waphethiritsa nyali kangapo, popanda nkhani. Bokosi limadziyesera pamenepo."

Ndinaomba m'manja, nyemba mbwee pansi. "Ameneyo ndi odi, mwanawe!" Munthu salowa pakhomo ndi nkhani kumutu. Odi akamveka, wam'nyumba amadziwa ngati ndi mnansi wapafupi kapena mlendo wotopa wochokera ku Furancungo. Amaimika munsi, n'kutchera khutu.

Anaseka mpaka misozi. "Komatu inuyo agogo ndinu kabokosi kowonongeka. Nyali yanu sizima, anzanu sapeza mpata."

"Mwano iwe! Ukadakhala ndi theka la pakamwa pangapa, bwenzi utakhoza chaka chatha."

Koma mawu akewo anandilasa. Pabwalo pano ndani ankamumva mwanayu, ine ndikulira ngati chigayo kuyambira tambala woyamba? Ndinamuuza kuti, "Iwe ndiwe nyumba yakutali. Usathamangire yankho. Uyambe ndi odi, makutu awo akupeze kaye."

M'mawa uliwonse ankaima kukhola la ng'ombe, ine pakhonde. Iye moni, kenako phunziro lake. Ntchito yanga inali kukhala chete mpaka amalize. Ambuye anga, kutseka pakamwa kulemera kuposa thumba la kachewere! Ndinkaluma nsonga ya duku. Apongozi anga, mayi ake a mwanayu, anafika pofunsa ngati ndikudwala.

Patelefoni paja, m'dimba muja, anandiuza mmene zinayendera. Analowa, anapereka moni, anatchula kwawo mosafulumira. Mphunzitsi wina anasendeza mpando kuti amve bwino. Mawu sanakule ayi, ndi a njiwa omwe aja, koma anafika onse. Ndipo ine ndinamvera mpaka kumapeto osamudula, ndisanaponye khasu lija. Lembani chimenecho, mboni ndi akhwangwala.

Tsopano akuti azikayendera mabokosi amenewa m'maboma. Tsiku lina ulusi udzafika kuno kuphiri, ndipo nyumba yathu yakumapetoyi idzapatsidwa kanthawi kake.

Loweruka mdzukulu wanga anatsika chapa, minibasi yakwathu kuno, ndipo pabwalo panadzaza. Anabwera bambo ake, amene anamulandira chikwama m'malo momupatsa khasu. Anabwera mayi ake akulira chosangalala. Anabwera amalume ake a ku Chidzolomondo panjinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anabwera achemwali anga ndi ndodo yawo, azakhali ndi nkhuku kukhwapa, amayi a kwaya onse ndi maduku oyera, anamwino opuma ntchito, agulupa, aphunzitsi ake a kalasi yoyamba, ndi mayi wogulitsa tomato pamsika amene sitinamuitane. Aliyense pofika pachipata: "Odi!" Ndipo woyankha anali mdzukulu wanga.