Pakhomo Posasonkha Moto

Senakpon wa ku Adjarra sukulu sanapite nayo patali, koma mtengo wa petulo ankaudziwa ngati mmene mlimi amadziwira mitambo. Zaka makumi awiri anakhala m'mphepete mwa msewu wopita ku Porto-Novo, kuseri kwa tebulo la mabotolo a kpayo, petulo uja wobwera pa mabwato mozemba kuchokera ku Nigeria. Ankadziwa kuti mu Okutobala madambo akadzaza, mabwato amadutsa paliponse ndipo mtengo umagwa. Ankadziwanso kuti mu Disembala madzi akaphwa, anthu n'kuyamba maulendo a Khirisimasi, kutsidyako ku Nigeria mafuta amasowa ndipo botolo limakwera. Kugula madzi akadzaza, kugulitsa fumbi likafika. Nzeru yake yonse inali imeneyi, ndipo inamumangira nyumba ya zipinda zitatu.

Mkazi wake, Sedami, ankakazinga zitumbuwa za nyemba pachipata. Tangoganizani, mwamuna wa petulo kukwatira mkazi wa mbaula. Banjalo linakhalitsa chifukwa cha pangano limodzi: zigubu zisapitirire khumi, ndipo zizikhala m'kashedi kumapeto kwa mpanda, kutali ndi moto.

Chaka chimenecho madzi anadzaza kuposa kale, mtengo unagwa mochititsa kaso, ndipo Senakpon mtima unamuthawa. Anagula zigubu makumi asanu ndi limodzi. Zinadzaza m'kashedi, zinalowa pabalaza, zina zinakafika m'chipinda cha mwana wawo wamkazi, Fifame.

"Bambo a Fifame, kodi tsopano tikugona pa filing'i siteshoni?" anafunsa Sedami.

"Mpaka Khirisimasi basi, mayi a Fifame. Mbaulayo muyambe mwaizimitsa. Zikatha izi ndikugulirani chiwaya chachikulu."

"Chiwaya chokazingira chiyani? Mpweya?"

Sedami anapirira sabata zitatu. Ankakapempha malo ophikira kwa anansi, makasitomala ake n'kuzolowera pachipata china. Madzi akumwa ankanunkha petulo, zovala petulo, ngakhale gari, ufa wa chinangwa, wa m'thumba. Fifame atayamba kudzuka ndi mutu tsiku lililonse, Sedami anamanga katundu, mbaula pamutu, mwana padzanja, ulendo kwa amayi ake ku Avrankou.

"Sindinakukaneni ayi," anatero. "Chigubu chomaliza chikatuluka muno, mudzanditumizire mawu."

Khirisimasi inafika, fumbi linafika, koma mtengo sunasunthe. Pabenchi ya pafupi ndi tebulo lake, anyamata a kabaza wa njinga zamoto aliyense anali katswiri. Wina ankati kutsidyako kuli chisankho mu Febuluwale, ndiye boma silingalole mizere ya mafuta anthu asanavote. Wina ankati ndalama ya kumeneko yagwa, n'chifukwa chake katundu wawo wasanduka wotchipa. Mahuton, wamkulu wa onsewo, ankangoseka.

"Achimwene, inu mumayang'ana madzi a m'dambo, anzanu akuyang'ana mabokosi a mavoti. Gulitsani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Iwe yendetsa njinga, za mafuta usiye eni ake," ankayankha Senakpon. Koma mumtima ankaopa.

Kugulitsa pa mtengo umenewo kunali kutaya thukuta la zaka zambiri. Kusunga kunalinso kutaya, chifukwa dzuwa la chilimwe linkamwa petuloyo pang'onopang'ono. Kuchoka pakhomo sankatha. Mnansi akayatsa zinyalala, iye ankaima pampanda ndi ndowa ya mchenga. Wosuta fodya akadutsa, ankamutsatira ndi maso mpaka akhote. Maliro a amalume ake sanapiteko, abale n'kumunena kuti ndalama zamulowa m'mutu, pamene munthu ankadya buledi ndi madzi a shuga m'nyumba yake yomwe. Ku Avrankou ndi pafupi, koma miyezi inayi yonse anamuona mwana wake kamodzi, tsiku limene Sedami anamubweretsa n'kuima naye kunja kwa chipata. Ankawasowa kwambiri, ndipo manyazi ankamudya.

Chisankho chitangodutsa, mtengo unakwera ngati wakumbuka ntchito yake. M'sabata imodzi njinga zinapanga mzere mpaka pamphambano. Senakpon ankathira mabotolo mpaka msana kuwawa, ndipo Lachinayi masana chigubu chomaliza chinalira chopanda kanthu. Anakolopa nyumba yonse ndi sopo, anatsegula mawindo, n'kutuma Mahuton ku Avrankou. Yankho linabwera lalifupi: abwera Loweruka m'mawa.

Lachisanu kunatulukira Rasaki, mwini bwato amene ankamubweretsera mafuta. Anakhala pabenchi, n'kuyang'ana mabotolo ouma aja.

"Mkulu wanga, boma latsopanoli akuti litseka malire. Mwina mwezi, mwina chaka, palibe akudziwa. Ndatsala ndi zigubu makumi anayi, ndipo ulendo wina kulibe. Mukakana ndipita kwa Dansou."

Dansou anali wa tebulo la tsidya la msewu, amene ankalakalaka makasitomala a Senakpon kuyambira kale.

"Nditenga khumi," anatero Senakpon.

"Khumi zitha Lachiwiri. Lachitatu mudzagulitsa chiyani, nkhope?"

Senakpon munda analibe, ntchito ina sankaidziwa. Anaganiza za Sedami, anaganizanso za tebulo lopanda botolo kwa chaka chathunthu. Ine wokamba nkhaniyi ndinalipo pabenchipo, ndipo sindinganene kuti munthuyu anachita umbombo. Anachita mantha. Dzuwa lisanalowe, zigubu makumi anayi zinalowa pachipata.

Loweruka m'mawa Sedami anatsika njinga, mbaula pamutu, Fifame pambali pake atavala diresi latsopano. Mwanayo anafuna kuthamangira bambo ake, koma mayi ake anamugwira dzanja. Fungo linali litawalonjera kale pamsewu.

"Zingati?" anafunsa Sedami.

"Makumi anayi. Akutseka malire, mayi a Fifame. Sabata ziwiri zokha, ndikulumbira."

Sedami sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Senakpon. Mbaula sanaitule n'komwe. Anatembenuka, n'kuyamba kuyenda kulowera pamphambano, Fifame akucheuka.

Senakpon anatuluka pachipata kuti awatsatire. Anali ndi mawu ambiri, ndipo akanathamanga akanawapeza asanakwere njinga. Koma atangoyenda mapazi ochepa anaona gogo wa nyumba yoyandikana atasesa masamba, wawaunjika m'munsi mwa mpanda, akufufuza machesi m'nsalu. Anayang'ana kumphambano, anayang'ana gogoyo. Kenaka anabwerera kukatenga ndowa ya mchenga.