Beseni la Atate

Ndikatseka maso ndimalionabe beseni lija lili pamwala kuseri kwa nyumba yathu ku Yofu, pachilumba cha Likoma, loyera mbee, likung'anima padzuwa. Ndinalitsuka ndine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo palibe ntchito ina imene ndinaigwirapo ndi mtima wonse chotero.

Chinali chaka chimene atate anabwera kuchokera ku Joni. Anachoka ndili kumsana, moti atafika ndinkabisala kuseri kwa chitseko, ndikumusuzumira bambo wamtali wonunkha fodya amene anthu ankati ndi wanga. Anati kuchilendo atopa nako, ntchito ikapezeka sabwereranso. Inapezekadi. Mkulu wina wa ku Khuyu anali ndi galimoto yakale yotuta katundu sitima ikafika, ndipo atate ndiwo ankaiyendetsa ndi kuikonza. Magalimoto pachilumba pathu ungawawerenge ndi zala, makanika akataya imodzi palibe ina yoti akagwire. Ngakhale ine mwana ndinkadziwa kuti galimoto ija ikamayenda, atate azigona kwathu.

Inali nyengo ya mwera, asodzi atakokera mabwato kumtunda, mchenga ukuuluka mpaka kulowa m'mano, ponseponse fungo lowawasa la chinangwa chovuulidwa m'madzi choyanikidwa pamiyala. Kwathu linkalimbana ndi fungo lina, la oyilo wa m'giyabokosi, wonunkha ngati mazira ovunda. Oyilo wotero sankapezeka wamba, ankachita kuoloka nyanja, choncho atate akafuna kutseka podontha ankamukhuthulira m'beseni lawo, akamaliza n'kumusefa pansalu, n'kumubwezeramo. Beseni limenelo linali lakuda bii, ankalikoleka pamsomali, ndipo ankakonda kunena kuti giya saphedwa ndi mwala, amaphedwa ndi kachitsotso.

Koma mwana wamkazi wa pa Likoma amadziwika ndi mapoto ake. Amayi anandiphunzitsa kukwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka nkhope ioneke, ndipo poto wakuda ankati ndi manyazi a nyumba yonse. Nanga beseni la atate likhale lokha lakuda, ine ndilipo? M'mawa wina anzanga akusewera fulaye, ndinalitsitsa pamsomali, ndinapita nalo kunyanja pamodzi ndi mapoto. Ndinakwecha, ndinakwecha, zala mpaka kusupuka, ndinatsukuluza katatu. Sindinadziwe kuti mumkombero wopindika wa m'mphepete mwake, momwe munali oyilo wouma, munali mutadzaza mchenga.

Atate ataliona anaseka, anandigwira pamutu, n'kunditcha mayi wawo, koyamba chibadwire changa. Sanafunse kuti ndatsuka ndi chiyani. Zaka za ku Joni zinali zitawaiwalitsa mmene timatsukira kuno. Tsiku lomwelo anakhuthuliramo oyilo, ndipo sitima italira kudoko anayang'ana nsalu yosefera, anayang'ana beseni, nati, “Mbale yoyera chonchi, kusefa n'kwachiyani?” Anamubwezera m'giyabokosi osasefa. Ine ndinkangonyadira, chitsiru ine!

Sipanathe masabata awiri, galimoto inayamba kulira ngati mphero, kenako magiya kukana, mpaka inafera pachitunda cha ku Chipyela itasenza matumba. Anaikankha anthu mpaka pakhomo pathu. Atate atamasula, anatenga oyilo pang'ono n'kumutikita pakati pa zala ziwiri, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Mwini galimoto anawalalatira pamaso pa mudzi wonse, kufunsa ngati ku Joni ankakonza magalimoto kapena ankasesa misewu. Atate sanadziteteze. Anangoti analakwa kutsegula giyabokosi mphepo ikuomba, mchenga unalowa iwo osaona. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kumene mchengawo unachokera. Amayi nawo anali atazindikira. Ananditsina pantchafu, n'kundinong'oneza, “Tseka pakamwa iwe, ukufuna akudane atate ako?”

Ndinatseka. Giyabokosi ina panalibe, dzina la atate linathera pomwepo, ngakhale injini ya boti palibe anawapatsanso kuti aigwire. Mwera usanaleke anakwera sitima yomweyo imene ankaituta katundu, kubwerera ku Joni.

Akuluakulu amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma amaiwala kunena kuti nthawi zina amene amatseka unawo ndi iwo omwe. Amayi ndinawakwiyira zaka zambiri, ndipo kunena zoona sindinawakhululukire kwenikweni, ngakhale ndikudziwa kuti ankateteza mwana. Komanso sindingadziyeretse. Makalata opita ku Joni ndinkalemba ndine, amayi akulankhula, ndipo papepala pankatsala malo nthawi zonse. Ndinkalembapo za sukulu, za usipa, za mvula. Ndinkati ndidzawauza pamaso akadzabwera.

Sanabwere. Mnzawo amene anadza ndi uthenga wa maliro anatiuza kuti kumeneko atate sanagwirenso sipanala. Ankalondera pageti ya fakitale ina, ndipo wina akawapempha kuti amuonere galimoto ankakana, ankati maso awo anayamba kuwanamiza, sakuwakhulupiriranso. Munthu wa manja abwino chonchija anaikidwa m'dothi la eni akudziyesa wosasamala, pomwe ine ndinali ndi mawu ochepa chabe oti ndiwamasule nawo, ndi cholembera m'manja.